Tsitsi la Mzungu Amene Anandibera Mdzukulu

Amayi anzanga, mwandiimitsa kokwanira pakhomo la tchalitchi kufunsa kuti ku New York ndinakatani ine nkhalamba yosadziwa kugwira cholembera. Lero mumve kamodzi, musadzandiimitsenso pamphepo. Wolankhula ndine NaMbewe, wolemba ndi Esnart mwana wanga, ndipo ndamuchenjeza kuti akachotsa mawu ngakhale amodzi ndidzadziwa, chifukwa ndidzapatsa wina andiwerengere.

Nkhani yake ndi ya Tiyamike, mwana woyamba wa Esnart. Anabadwira konkuno ku Canada, koma dzina anamutcha ndi agogo ake aamuna, malemu amuna anga a Phiri, pafoni. Atamaliza sekondale anapita ku Hamilton kukaphunzira unesi. Anaphunzira zaka ziwiri, kenaka tsiku lina anangotulukira kunyumba ku Oshawa n'kunena kuti wasiya, wayamba kuphunzira ndakatulo. Zikanakhala zake bwenzi ndikuti kaya. Ndi za mzungu wina wa ku Mangalande amene anamwalira agogo a agogo anga asanabadwe. Dzina lake amanditchulira kawirikawiri koma pakamwa panga limakana, ndipo sindilifuna. Ine ndimangoti Wachifuwa, poti n'chimene chinamupha.

A Phiri anatisiya zaka ziwiri zapitazo, ndipo pamaliro Tiyamike sanabwere. Chaka chino achibale a malemu ku Dowa agwirizana zomanga chiliza mvula isanagwe. Alamu anga a Yohane, mng'ono wa malemu, ananena mosapsatira kuti mdzukulu amene akulu awo anamutcha dzina akaime pamandapo tsiku limenelo. Ndinamuuza Tiyamike kamodzi, anati ali ndi buku loti alembe. Kachiwiri anati aona. Kachitatu anatuluka m'chipinda n'kutseka chitseko. Ndiye nditamva kuti akupita ku New York kukaona makalata a Wachifuwa amene amasungidwa m'laibulale ina kumeneko, ndinati ndipita nawo. Chitupa cholowera ku America ndinali nacho kale, Esnart anandivutikira chaka cha ukwati wa mwana wa mnzake. Ndinaganiza kuti tsiku lathunthu pampando umodzi, alibe chitseko choti atseke. Ndinalumbira mumtima kuti sindibwerako asananene kuti eya.

Tinanyamuka ku Oshawa m'mamawa pasitima. Sitimayo ndilibe nayo mlandu, inatifikitsa ku Toronto bwinobwino. Mlandu unayambira kudepoti ya mabasi. Matikiti anali m'foni ya Tiyamike, ndipo atanditchulira mtengo wake m'makwacha ndinamuuza kuti asabwerezenso, ndingadwale. Basi inachedwa ola ndi theka. Kwathu basi ikachedwa mumatukwana kondakitala, mtima n'kuphwa. Kuno kulibe womutukwana. Anthu angoima pamzere maso pafoni, phee, ngati ng'ombe zodikira dibi.

M'chikwama ndinali nditanyamula nkhuku yokazinga, mbatata yophika ndi malalanje. Tiyamike atasuzumiramo anagwira pamutu. Chichewa chake n'chothyokathyoka ngati nkhuni za mapesi, muno ndikuchiwongolako kuti mumve.

"Gogo, ndinakuuzani. Paboda atenga izi."

"Atenga? Anaphika ndi iwo?"

"Ndi lamulo, Gogo."

"Lamulo lodya nkhuku za eni? Aziyesa."

Pamenepo kumbuyo kwathu wina anaseka. Kutembenuka, bambo wamfupi wa suti yotuwa, dazi likuwala ngati alipaka mafuta.

"Ambuya, mwauka bwanji? Namvera Chichewa chenicheni, nati awa ni a ku Malawi awa."

Anali a Tembo, kwawo ku Chipata, amakhala ku Oakville, ntchito yawo ndi ya mapaipi a madzi a mzinda. Amapita kukaona mwana wawo. Basi itabwera anakhala mpando wa tsidya lathu, ndipo pakamwa sanatseke mpaka ku America.

Kutuluka mu Toronto kunali kukwawa. Pa Oakville magalimoto anathinana, a Tembo n'kumatilozera kumene kuli nyumba yawo, ngati tawafunsa. Titayandikira Hamilton, utsi wa mafakitale a zitsulo ukuoneka patsidya pa madzi, ndinamugwedeza Tiyamike.

"Si kuno kumene unatayira yunifolomu?"

Iye anangotenga timawaya take n'kutseka makutu. Ndinazula kamodzi.

"Ndiuze za mwamuna wakoyo. Ndikufuna ndimudziwe ndisanakamuone."

"Gogo, si mwamuna wanga. Anafa kalekale."

"N'chimene chikundipweteka. Akanakhala wamoyo bwenzi nditaitanitsa ankhoswe ake."

Anausa moyo, koma anayamba. Akuti bambo ake a Wachifuwa ankasunga mahatchi a anthu, ndipo anafa atagwa pahatchi mwanayo ali wamng'ono. Mayi ake anafa ndi chifuwa chachikulu. Iye anamutumiza kukaphunzira zachipatala, kumanga mabala, kusakaniza mankhwala, mpaka mayeso anakhoza.

"Ehe," ndinatero. "Mpaka pamenepo ndi mwana wabwino. Kenaka?"

"Kenaka anasiya. Anafuna kulemba ndakatulo."

Ndinawomba m'manja kamodzi mpaka wa kutsogolo anacheuka. "Ndiye matendawa unawatengera kumeneko! Mwana wamasiye, ntchito ili m'manja, n'kuitaya. Analibe malume?"

A Tembo anali atatchera khutu. Atamva dzina la mzunguyo anadumpha pampando ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Iye uja? Ambuya, uyo ni mfumu ya ndakatulo! Ise ku sekondale ya mishoni tenze kuloweza, ukaphonya mzere umodzi ni chikoti."

Anaika dzanja pamtima, maso anatseka, n'kuyamba kulakatula m'Chingerezi, mawu akunjenjemera ngati munthu wameza mbatata yamoto. Tiyamike nkhope inawala, akutsatira ndi milomo. Nkhope imeneyo sindinaionepo akamalankhula ndi ine.

"Zikuti chiyani?" ndinafunsa atamaliza.

"Akulankhula ndi mbalame, Gogo. Ikuimba mumdima, iye akumvetsera, mtima ukumuwawa."

"Mbalame yolira mumdima kwathu timaiponyera chikuni chamoto. Ina?"

"Ina akulankhula ndi mbiya yakale."

"Muli mowa?"

"Mulibe kanthu. Ili ndi zithunzi kunja."

"A Tembo, inu ndi dazi lanulo, anakukwapulani chifukwa cha mbiya yopanda kanthu?"

"Ambuya, muli na nkhanza imwe," anatero akupukuta misozi ya kuseka.

Tinadutsa St. Catharines, tinaima pang'ono ku Niagara kutenga anthu ena. Mathithi amene mumawatamawo sindinawaone, ndinaona chimbudzi cha padepoti basi. Dzuwa lili pamutu tinafika pamlatho wa Fort Erie, ndipo kutsogolo kwathu kunali mabasi atatu. Tinakhala m'basimo osatsika, osayenda. Nthawi yathu itakwana anatitsitsa tonse ndi katundu yense, galu akununkhiza zikwama. Galu ameneyo anaima pa chikwama changa n'kukhala pansi ngati wafika kwawo.

Wapachipata anali mayi wamtali wosaseka. Anati ndiike zala pakagalasi. Pamenepo ndiye anandipeza pantchito yanga, poti ine moyo wanga wonse ndasainira ndi chala. Kenaka anafunsa Tiyamike chimene tikukachita ku America.

"Uwauze zoona," ndinatero. "Tikukaona munthu wakufa."

Anandiponda phazi. "Gogo, osati pano!"

Anayankha yekha zalaibulale, mayiyo n'kudinda. Chikwama anachitsegula. Nkhuku anaiyang'ana n'kuisiya, mbatata anaisiya, koma malalanje onse anawaponya m'bini ine ndikuona. Ndinati andipatse ndidye awiri pomwepo, Tiyamike anakana kumasulira. Titabwerera m'basi tinadikiranso, chifukwa munthu mmodzi anali atamulowetsa m'kachipinda kukamufunsa zambiri. Anatuluka patapita maola awiri, nkhope ili gwa, ndipo palibe anamufunsa kanthu.

Ku Buffalo anasintha dalaivala. Watsopanoyo anali asanafike, ndiye kudikiranso. Tiyamike anatsika kukandigulira tiyi, ndipo a Tembo anasendera pafupi.

"Manje ambuya, uyu mdzukulu, ni ndakatulo chabe kapena asewenza?"

Apa ndiye pamene ndinalakwa, ndipo Esnart ulembe momwemo. Pakamwa panangoyankha pokha zimene panazolowera.

"Ndi nesi ameneyu. Zandakatulozi n'zongocheza."

"Aa, ba nesi! Mwadala ambuya."

Bodza limeneli silinayambire ku Buffalo. Pamene Tiyamike ankasiya sukulu ya unesi, ine ndinali kumudzi ndipo a Phiri anali atagona kale pamphasa. Munthu ankati akamva kupweteka amati, "Musadandaule, dokotala wanga akubwera." Ndikanawauza bwanji? Ndinati akuphunzirabe. Atamwalira, achibale anafunsa chifukwa chimene sanabwerere kumaliro, ine n'kunena kuti ali pamayeso omaliza. Chaka chinacho ndinati wakhoza, ali pachipatala chachikulu. Bodza lili ngati dzungu, umabzala pakhomo koma limakaberekera kwa aneba.

Tinadutsa Rochester anthu akusinza. Tisanafike ku Syracuse, mayi wina wachizungu amene anakhala mipando iwiri kutsogolo kwathu anayamba kulankhula zosamveka, thukuta lili kamukamu, kenaka mutu unagwera m'kanjira. Woyandikana naye anakuwa. Dalaivala anafunsa pachimkuzamawu ngati muli wachipatala. Basi yonse zii. Ndiye a Tembo anaimirira, dzanja m'mwamba, chala chikuloza mdzukulu wanga.

"Alipo nesi! Uyu apa! Ba nesi, nyamukani!"

Tiyamike sanayang'ane a Tembo. Anayang'ana ine. Amayi, ndaonapo maso a njoka, ndaonapo maso a apongozi, koma maso amenewo ayi.

Ananyamuka. Anagwada m'kanjira, anamudzutsa mutu mayiyo, akumulankhula pang'onopang'ono. Anapeza kachibangili pamkono kosonyeza kuti ali ndi matenda a shuga. Ndi kuchedwa konse kuja munthu anali asanadye. Tiyamike anaitanitsa chakumwa chotsekemera, wina anapereka juwisi, iye n'kumamumwetsa pang'onopang'ono poti kumeza ankatha. Ine chamumtima ndinati malalanje anga akanakhalapo. Dalaivala anaimika basi pambali pa msewu n'kuitana ambulansi. Ndinkayang'ana manja a mwanayo, osanjenjemera, odziwa pogwira, ndipo mkwiyo wanga pa Wachifuwa unakula. Manja ngati amenewo kumakatsegula mapepala a munthu wakufa!

A ambulansi atafika mayiyo anali atayamba kuzindikira. Mmodzi anafunsa Tiyamike kanthu, iye n'kuyankha mokweza kuti basi yonse imve. Chingerezi sindichimva, koma "nesi" ndi "no" ndimawamva. A Tembo anandiyang'ana, anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kanali koyamba.

Anatilola kutsika kuti tiwongole miyendo podikira kuti dalaivala amalize kulemba mapepala ake. Malo ake panalibe nyumba, udzu ndi mpanda wawaya basi, malole akudutsa ndi mphepo yawo. Tiyamike anandikokera kutali ndi anthu.

"Gogo, akanafa mayi uja? Anthu onse akuganiza kuti ndine nesi. Ndikanalakwitsa?"

"Koma sunalakwitse. Waona kuti ntchito yako ndi imeneyi?"

"Mwanamanso! Kwa agogo aamuna munanama. Kwa agogo a Yohane munanama."

"Ndinawanamiza agogo ako kuti apite ndi mtima wofewa. Ukanakonda afe akudziwa kuti dokotala wawo akulankhula ndi mbiya?"

"Iwo anapita. Nanga amoyo?"

Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi. Bondo lotupa, lakuda, ndi nsalu ya mpando wa a Yohane ndinaizindikira.

"Anatumiza chaka chatha. Akuti, adokotala, timwe chiyani? Azakhali a ku Mponela anatumiza pepala lakuchipatala kuti ndiwawerengere. Wina anatumiza mwana wa zilonda m'mutu. Sindiyankha, Gogo. Akuganiza kuti ndine wonyada. Ndikapita kuchiliza mudzi wonse ubwera ndi matenda. Ndidzanena chiyani? Ndidzaname pamanda a agogo?"

Zimenezi sindinkazidziwa. Ndinkayesa bodza langa likukhala phee kumene ndinalisiya.

"Ndiye chifukwa chake n'chimenechi? Osati buku?"

"Buku ndingalembe kulikonse. Muwauze zoona, ndipita. Simuwauza, sindipita."

"Ine? Ndikagwade kwa achibale a mwamuna, ndi imvi zangazi, kuti ndinali kunama zaka zitatu? Iwe wabodza ndiwe, unalonjeza unesi n'kuthawa!"

"Sindinalonjeze. Munalonjeza ndinu."

Ndinamuuza mawu ena amene Esnart wakana kulemba, ndipo pano pokha ndamulola. Titakwera, Tiyamike anakakhala pampando wa mayi wodwala uja, ine n'kutsala ndekha.

Ku Syracuse tinaima theka la ola. Sanandigulire tiyi, nanenso nkhuku sindinamupatse. Ndinadya ndekha ntchafu zonse ziwiri, ina ya njala ina ya mkwiyo. Kuchoka pamenepo msewu unalowa m'mapiri, ndipo a Tembo anadzakhala pampando wa Tiyamike osapempha.

"Ambuya, nakuchititsani manyazi. Pepani."

"Pakamwa panu mpofunika chitseko."

"Na panu pomwe," anatero. Ndinawapatsa phiko.

Kuyambira ku Binghamton mpaka ku Scranton anandisimbira zotsala za Wachifuwa, ine osafuna. Akuti mng'ono wake anadwala chifuwa chomwecho, iye n'kumudwazika mpaka kumutseka maso. Akuti mabuku ake atatuluka, anyuzipepala anamunyoza, ena mpaka kumuuza kuti abwerere kumankhwala.

"Anali anzeru anyuzipepalawo," ndinatero.

"Manje maina awo adziwa ndani lero? Koma iye dziko lonse limudziwa."

"Iye akudziwa kuti mukumudziwa?"

A Tembo anangopitiriza kuti Wachifuwa anatomera mtsikana wa nyumba yoyandikana nayo, koma ukwati sunachitike. Tsiku lina anakhosomola magazi, ndipo poti zachipatala anaphunzira, anadziwa yekha kuti kwatha. Anzake anamutumiza ku Italy kuti mwina kotentha achira. Anafera komweko ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu.

"Msinkhu wa uyu," anatero a Tembo akuloza ndi chibwano kumene kunali Tiyamike.

"Musamufanizire ndi akufa mwana wanga."

Ndinayang'ana komweko. Ndinkangoona kumbuyo kwa mutu wake, atatsamira mpando.

Ku New York tinafika mochedwa ndi maola asanu ndi limodzi. Za mzindawo musandifunse, ndi nyumba zazitali ndi fungo. A Tembo anatengedwa ndi mwana wawo, ife tinakagona kwa mayi wina wa ku Ntcheu, mnzake wa Esnart, bedi limodzi, misana itatembenukirana.

M'mawa tinapita kulaibulale kuja, tisakulankhulana. Zikwama anatilanda pakhomo. Tiyamike anamulowetsa m'chipinda cha makalata atamusambitsa m'manja, ngati akukagwira khanda. Ine anandikhazika pabenchi m'chipinda china chozizira, chodzaza mabokosi agalasi. Ndinakhala pamenepo mpaka matako kufa dzanzi. Atatuluka maso anali ofiira. Anaima patsogolo panga n'kunena kuti, "Munati mukufuna kumuona. Bwerani."

Ananditengera pabokosi lina pakona. Ndinkayembekeza chithunzi. M'katimo munali kanthu kozungulira ngati wotchi ya m'thumba, ndipo m'kati mwake, pansi pa galasi, tsitsi. Tsitsi la munthu, lofiirira, lopiringizika, atalimanga bwinobwino.

Ndinabwerera m'mbuyo. "Ili ndi la ndani?"

"Lake."

"Anamudula ali moyo kapena atafa?"

"Ili akuti analidula atangomwalira ndi mnzake amene ankamudwazika. Lilipo lina m'malo ena."

"Anagawana?"

"Ndi chikumbutso, Gogo. Kale ankatero akamukonda munthu."

Amayi, inu mukudziwa. Kwathu maliro akatha timameta ife otsala, tsitsi n'kulikwirira, kuti wapitayo apite ndipo ife titsale. Awa ameta wakufayo n'kusunga, kuti asapite. Zaka zonsezi munthu ali theka m'manda theka m'bokosi, anthu akudutsa ndi nsapato kumamuyang'ana. Kwathu wopezeka ndi tsitsi la maliro m'nyumba mudzi umamusamutsa tsiku lomwelo.

"Itana mwini malo ano," ndinatero. "Umufunse ngati abale ake akudziwa."

"Gogo, tsitsani mawu."

"Sinditsitsa! Ndi ufiti uwu! Abale ake anali kuti pomwe mnzakeyo amayenda ndi sizasi?"

Mlonda wa pakhomo anayamba kutiyandikira. Tiyamike anamukwezera dzanja kuti palibe vuto, n'kundiyankha motsitsa.

"Panalibe m'bale. Mlongo wake anali ku Mangalande, wamng'ono. Mchimwene wake anali kuno ku America. Mtsikana uja anamva ndi kalata patapita masabata. Pamanda panaima mnzakeyo ndi alendo ochepa."

"Chiliza anamumangira?"

"Anzake anaika mwala. Koma dzina palibe. Anapempha yekha kuti asalembepo, ankaganiza kuti walephera, palibe adzamukumbuke."

"Ndipo anamumvera? Munthu wodwala akanena zopusa mumamumvera?"

Ndinayang'ananso katsitsi kaja. Sindinamumvere chisoni, musandinamizire. Anasiya ntchito yabwino, anakafera kwa eni, ndipo mpaka lero akusocheretsa ana a anthu. Koma ndinaona manda a ku Italy aja opanda wake ndi mmodzi yemwe, kenaka ndinaona a ku Dowa, a Yohane akuyang'ana kumsewu, anthu akunong'onezana kuti mdzukulu wa ku Canada ndi wonyada. Mzunguyu abale ake anawatsekereza ndi nyanja. A Phiri mdzukulu wawo ndamutsekereza ndine.

"Tiye panja," ndinatero. "Muno mukununkha maliro osatha."

Pamasitepe a panja ndinati atulutse foni, apeze a Yohane, adine pojambula mawu. Anandiyang'ana osakhulupirira.

"Dina ndisanasinthe maganizo."

Ndinapereka moni monga mwa mwambo, ndinafunsa za bondo, ndinafunsa za simenti. Kenaka ndinati: "Alamu, pali mawu. Tiyamike si nesi. Sanakhalepo nesi. Anasiya akulu anu ali moyo, ine ndinabisa, ndipo bodzalo ndalilera mpaka lero. Mwanayu sanakuyankheni chifukwa cha manyazi a bodza langa, si kunyada. Ntchito yake amaphunzira ndakatulo za mzungu wina wakufa. Musandifunse phindu lake, nanenso sindikuliona. Kuchiliza abwera. Bondolo pitani nalo kuchipatala."

"Eti ubwera?" ndinamufunsa chala chake chisanachoke.

"Ndibwera, Gogo."

"Nena momwemo amve."

Anaweramira pafoni. "Ndibwera, agogo."

Uthenga unapita. Timizere tiwiri tinasintha mtundu, kusonyeza kuti amva. Yankho ayi. Tsiku lonselo ayi. Ndinadziwa kuti foniyo ikuyenda khomo ndi khomo, ndipo azilamu anga aakazi, amene sanandikondepo chikwatiwire, akuimvetsera kachitatu akuwomba m'manja.

Yankho linatipeza m'basi yobwerera mawa lake, titangodutsa Scranton. Tiyamike anaika kawaya kamodzi m'khutu mwanga, kena mwake. A Yohane sanapereke moni.

"Alamu, ndamva. Tonse tamva. Chaka chathunthu ndakhala ndi bondo ili kukana jakisoni wa kuno, ndikuti ndidikire dokotala wathu. Mwandipweteka, alamu. Akulu anga munawaika m'manda ndi bodza m'khutu, ndipo zimenezo mudzaziyankha nokha pamaso pa mbumba mukadzafika, musadzatume mwana. Mbuzi yolipira mlandu mudziwa nokha."

Anakhosomola, kumbuyo kukumveka nkhuku ndi mawu a akazi.

"Tsono iwe Tiyamike. Mlandu ulibe. Koma poti akuti sukulu yako ndi ya mawu a anthu akufa, ife kuno takhala tikukangana mwezi wathunthu zoti tilembe pamwala. Wina akuti vesi, wina akuti nyimbo. Ulemba ndiwe. M'Chichewa, osati Chingerezi chakocho. Ndipo tsikulo udzawerenga wekha pamaso pa anthu, mokweza, agogo ako amve. Wosema mwala akufuna mawuwo mwezi uno usanathe."

Uthenga unatha. Tiyamike anali atagwira pakamwa.

"Gogo, sindingathe. Chichewa changa adzaseka."

"Adzaseka ndithu. Ine adzandizenga mlandu, iwe adzakuseka. Aliyense ndi katundu wake."

Tinadutsa phiri lina. Kenaka Tiyamike anatulutsa kabuku ndi cholembera m'thumba, n'kutsegula tsamba loyera.

"Ndiyambe bwanji?"

"Zaka zitatu ukudya ndakatulo, lero ukufunsa ine?"

"Gogo, chonde."

Ndinamulanda kabukuko, ndinakayang'ana ngati ndingawerenge, n'kumubwezera.

"Yamba ndi dzina lawo. Lonse, zilembo zikuluzikulu, loti munthu aliwerenge ali kumsewu. Zinazo tikangana kutsogoloku, ulendo ukadalipo."